Mwendo unatupa, andipeza ndi ma antibody m'magazi. Ndiye kuti chiyani?

Mayi wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri, mutu sukugwira masiku ano.

Ndimakhala ku Joni, ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndili ndi zaka 34. Mwezi watha ndinapita kumudzi kumaliro a malume anga. Pobwerera ndinakwera basi ku Blantyre Lachiwiri m'mawa, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, ndipo pa Beitbridge tinachezera usiku wonse. Ndinakhala cha kuwindo, kumapazi kuli thumba la ufa ndi lina la mtedza, moti miyendo inali yopinda ulendo wonse. Madzi sindinkamwa, nkhani ya zimbudzi za m'njira mukuidziwa. Tinafika Lachinayi. Pofika Loweruka mwendo wakumanzere unali utatupa kuyambira pa bondo kutsika, katumba akuwawa ngati andimenya ndi chibonga, ukaugwira wotentha. Ndinauthowa masiku awiri. Abwana anga ndi amene anandikakamiza kupita kuchipatala ataona kuti nsapato ikukana kulowa.

Kumeneko anatenga magazi m'kachubu ka chivindikiro cha buluu, kenako anajambula mwendo pa sikani. Akuti magazi anaundana mu mtsempha wa mkati, eni ake amati DVT. Pa pepala alemba D-dimer 2,300 pomwe malire ake ndi 500. Anandiyamba ndi jakisoni wa pamimba, pano ndikumwa mapilitsi oletsa magazi kuundana, otchedwa warfarin.

Dokotala wake, mtsikana ndithu, anandifunsa za uchembere. Ndinamuuza kuti ndili ndi mwana mmodzi wa zaka 11, pambuyo pake ndinapita padera kawiri, kachiwiriko mimba ili ya miyezi 5. Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anatenganso magazi ena. Dzulo ndiye wandiuza kuti andipeza ndi ma antibody, dzina lake anticardiolipin, nambala 46, koma akuti sanganene kuti ndi matenda mpaka ndikayezetsenso pakatha masabata 12. Watinso pali china chotchedwa lupus anticoagulant chimene ayeze mtsogolo.

Ine ndimadziwa kuti ma antibody ndi asilikali a m'thupi, nthawi ya Covid tinkamva kuti katemera amawachulukitsa. Nanga asanduka bwanji adani? Mwana wa achemwali anga wandifufuzira pa foni, akuti D-dimer ija amayeza ndi ma antibody. Ndi omwewa andipeza nawowa? Ndipo masabata 12 ndi a chiyani, makina awo sakuwadalira? Lupus ndinamva kuti ndi matenda oopsa.

Pali china chimene sindinamuuze dokotala chifukwa cha manyazi. Mimba yomaliza ija, mu 2019, kusikelo kunoko anandiuza kuti ndili ndi chindoko. Pa khadi analemba RPR ndi pulasi. Ndinabayidwa majakisoni atatu. Bambo a kunyumba atayezetsa sanawapeze nacho. Nkhani inafika kwa ankhoswe, ndipo mwana atatayika apongozi anga analankhula mawu amene sindingalembe pano. Ine sindinayendepo, Mulungu ndi mboni. Banja lilipobe koma chilonda chake sichinapole. Ndatchula poganiza kuti mwina matendawo ndi amene anawononga magazi anga.

Wa Mathiraki:

Pepani kwambiri mayi. Za ma antibody ine ndine mbuli, koma za mwendo ndikuzidziwa. Zinandigwira mu 2021 nditakhala masiku atatu pamzere wa pa boda, kugona momwemo m'thiraki. Warfarin ndinamwa miyezi 6. Musaphonye tsiku loyezetsa INR, nambala yoonetsa mmene warfarin akugwirira ntchito m'magazi, ineyo ankafuna izikhala pakati pa 2 ndi 3. Ndimati ndikakhala kunyumba sabata yonse, madamu akundiphikira nkhwani ndi mpiru, imatsika. Ndikabwerera pamsewu n'kumangodya tchipisi ndi nkhuku, imakwera. Anesi anati masamba ndisasiye koma ndizidya mofanana sabata iliyonse. Mukamva kubanika kapena kulasa pachifuwa musadikire kuti kuche, mwina mbulu wa magazi wathothoka wapita ku mapapo, thamangani. Anzanga ena amati adyo ndi jinja wambiri amasungunula magazi, kaya mungayeseko.

Wa mu Labu:

Mayi, ine ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala, zaka 14 tsopano, ndipo machubu a buluu aja amadutsa m'manja mwanga tsiku lililonse. Dokotala wanu si ine, koma mbali yoyeza ndingakufotokozereni. Achimwene a mathiraki anena zoona kupatula adyo ndi jinja. Muli pa warfarin musamwe zitsamba, ngakhale aspirin kapena brufen wa pa shopu, musanafunse. Mungatuluke magazi osaleka.

Chakusokonezani n'choti dzina limodzi likutchula zinthu ziwiri. Antibody ndi kapuloteni kamene kamagwira chinthu chimodzi chokha, ngati galu wa uzimba amene anamuphunzitsa fungo la nyama imodzi. Ena ndi anuanu, thupi lanu ndi limene lawapanga. Ena ndi athu a mu labu, timachita kugula m'mabotolo, ndi zida za ntchito basi, m'thupi mwanu salowamo.

Ndiyambe ndi athuwo. Magazi akamaundana, thupi limaluka ukonde wa timaulusi totchedwa fibrin, n'kumanga mfundo pamene ulusi wakumana ndi unzake. Nthawi yomweyo limayambanso kuudula ukondewo kuti usakule mopyola. Tizidutswa toduka tili ndi mfundo ija ndiye D-dimer. Ulusi wosaluka uli m'magazi mwa aliyense, koma mfundo imachuluka pokhapokha penapake palukidwa ukonde. Ndiye ife tili ndi madzi ooneka ngati mkaka wothira madzi, mmene muli timikanda tosaoneka ndi maso, tomatidwa ma antibody odziwa mfundo yokhayo. Timazunguza magazi anu pa makina mpaka madzi achikasu ayandame pamwamba, makina n'kutapako kadontho n'kusakaniza ndi timikanda tija. D-dimer ikakhalapo timikanda timagwirana timagulutimagulu, madzi n'kuchita mbuu. Makina amaunika ndi kanyali n'kuona kuti kuwala kwadutsa kochuluka bwanji. 2,300 wanu anachokera pamenepo.

Ma antibody amenewo ndi a mbewa, musaseke. Mu 1975 ku Cambridge, César Milstein ndi Georges Köhler anapeza njira yotenga selo la m'kapamba wa mbewa lopanga antibody, n'kuliphatikiza ndi selo la khansa losatha kubereka, kuti lizitulutsa mtundu umodzi wa antibody mpaka kalekale. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1984. Kachipangizo koyezera malungo kamene amakubayirani chala kumudzi, ndi koyezera mimba ka mkodzo kaja, timizere take timatuluka chifukwa cha ma antibody opangidwa mwa njira yomweyi.

D-dimer ine ndimaikonda ikakhala yotsika. Munthu amene dokotala sakumukayikira kwambiri, ikatuluka pansi pa 500, akhoza kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Ikakwera ndiye sinena zambiri. Imakwera kwa amayi oyembekezera, kwa amene angochitidwa opaleshoni, odwala malungo aakulu, TB, khansa, ngakhale ukalamba chabe. Ambiri ogonekedwa m'mawodi yawo imakhala yokwera kale, moti ndimapukusa mutu madokotala atsopano akamaitumiza kwa aliyense wotsokomola. Chatsimikiza matenda anu ndi sikani ija.

Tsopano anticardiolipin. Amenewo ndiye anu. Galu uja nthawi zina amasokonezeka n'kuyamba kugwira nkhuku za pakhomo. Ma antibody awa amakakamira puloteni ya m'magazi mwanu momwemo, beta-2 glycoprotein I, imene imakonda kumatirira pa mafuta okuta maselo. Zikatero magazi amafulumira kuundana, kaya m'mwendo, kaya mu ubongo, kaya mu nsengwa momwe mwana amadyera. Akakhala okhazikika, munthu n'kukhalanso ndi mbiri ya mbulu kapena kutaya mimba, matendawo amatchedwa antiphospholipid syndrome, mwachidule APS. Graham Hughes, dokotala wa ku London, ndiye anawafotokoza bwino mu 1983. Paja dokotala wanu anasiya kulemba n'kukuyang'anani? Anali atalumikiza mwendo ndi mimba ya miyezi 5 ija. Kutaya mwana kamodzi kokha mimba itapitirira masabata 10, popanda chifukwa chooneka, n'kokwanira kuti munthu ayezedwe. Anachita bwino mtsikanayo.

Powayeza timatenga kambale ka pulasitiki ka timaenje 96. Pansi pa kadzenje kalikonse anapakapo cardiolipin, mafuta a mtundu umene puloteni ija imamatirira. Tithiramo madzi a magazi anu, tidikira, titsuka. Ngati muli ndi ma antibody aja, amatsalira atakakamira pansi. Koma ndi maso saoneka, ndiye timathiramo ma antibody ena, kawirikawiri a mbuzi, amene ntchito yawo ndi kugwira antibody wa munthu, ndipo kumchira anawamangirira kanthu kosintha mtundu wa madzi. Kadzenje kamasanduka ka buluu, tikadontheza asidi woimitsa n'kukhala kachikasu. Chikasu chikachuluka nambala imakwera. Apa ndiye pamakumana onse awiri, athu akugwira anu. Kuyambira pa 40 ndi pamene timayamba kutchera khutu, choncho 46 si wonyalanyaza, komanso si wamkulu.

Za masabata 12, makina alibe mlandu. Thupi ndi limene limasinthasintha. Malungo, chindoko, HIV, matenda a chiwindi ndi tizilombo tina timatha kudzutsa ma antibody amenewa kwa kanthawi, kenako amazimirira okha osamuchita kanthu munthu. Kale ankadikira masabata 6, koma akatswiri atakumana ku Sydney, malamulo amene anatuluka mu 2006 anati 12. Kukuuzani kuti muli ndi APS kungatanthauze warfarin wa zaka zambiri, mwina moyo wonse. Mtolo wotero sungamusenzetse munthu chifukwa cha malungo a mwezi watha. Ngati munadwalako malungo kumudzi kuja, muwauze.

Lupus anticoagulant dzina lake limanama kawiri. Ambiri amene ali nayo alibe lupus, kungoti inayamba kuonedwa mwa odwala lupus, dzina n'kukanirira. Komanso dzinalo likutanthauza choletsa magazi kuundana, chonsecho zimenezo imachita mu chubu mokha, m'thupi imachita zosiyana. Iyoyo sitiyeza ndi ma antibody ogula, timayeza ndi wotchi. Timathira ululu wa njoka ya ku India yotchedwa Russell's viper, msuweni wake wa mphiri yathuyi, n'kuwerenga masekondi mpaka madzi a magazi agwirane. Heparin, jakisoni wa pamimba uja, ndi warfarin amasokoneza masekondi amenewo, n'chifukwa chake aichedwetsa. Anticardiolipin warfarin samusokoneza, ndiye musasiye kumwa pofuna kukonzekera kuyezetsa.

Nkhani ya chindoko ndaisiyira dala kumapeto, ndipo ndikukupemphani mukamuuze dokotala, manyazi muwasiye pa geti. RPR siyang'ana kachilombo ka chindoko. Imayang'ana ma antibody ogwira cardiolipin yemweyu, mafuta amene Mary Pangborn anawapatula koyamba mu mtima wa ng'ombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Munthu wa chindoko amapanga ma antibody otere, inde. Koma munthu wa APS nayenso RPR yake ikhoza kutuluka ndi pulasi, chindoko asanakumane nacho chibadwire. Mimba payokha kapena malungo nazonso zimatero nthawi zina. Sindikunena kuti ndi zimene zinachitika, magazi anu sindinawaone. Koma njira yodziwira ilipo ngakhale lero. Pemphani TPHA kapena TPPA. Imeneyo imayang'ana ma antibody olimbana ndi kachilombo kenikeniko, ndipo mwa anthu ambiri amene anadwalapo chindoko imakhalabe ndi pulasi moyo wonse ngakhale anachira kalekale. Ikatuluka yopanda kanthu, n'kutheka kwambiri kuti chindoko chija kunalibe.

Anesi amene anakubayani sanalakwe kubaya. Chindoko chimapha ana m'mimba, kudikira kukanakhala koopsa kuposa majakisoni atatu. Chimene chimandiwawa ine n'choti palibe anakuuzani kuti pulasi wa RPR amafuna kutsimikizidwa, n'kukusiyani mupite naye kunyumba nokha.

Mayi wa ku Chilomoni:

Achimwene, ndawerenga katatu. Nditafika pa mtima wa ng'ombe paja misozi yangoyamba yokha, mpaka abwana kufunsa ngati mwendo wayambiranso. Khadi lija ndikadali nalo, ndinalipinda n'kuliika m'chikwama cha mapepala pamodzi ndi pasipoti, sindidziwa chimene ndinkalisungira. Ndipita nalo Lachitatu. Malungo sindinadwale ulendo uno.

Ndifunsenso chimodzi. Akatsimikiza kuti ndi APS, ndiye kuti za mwana wina ndiiwale? Bambo akufunabe. Inenso ndisanamepo.

Nachisale wa ku Leeds:

Asisi, musaiwale ayi. Ine ndili nayo APS yotsimikizika, zoyeza zonse zitatu, anticardiolipin, lupus anticoagulant ndi anti-beta-2 (ma antibody ogwira puloteni ya beta-2 ija), zinatuluka ndi pulasi kawiri konse. Ndinataya atatu. Pamene ndikulemba pano mwana wanga wamkazi wa zaka 4 akundikoka diresi akufuna foni.

Koma mvetserani bwino, pano musatenge mimba. Warfarin amadutsa n'kufika kwa mwana ndipo akhoza kuwononga mafupa ndi nkhope yake, makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12. Mukafuna, muyambe mwakhala pansi ndi dokotala. Ine anandiuza kuti tsiku limene kachipangizo kaonetse mizere iwiri ndiimbe foni tsiku lomwelo, ndipo anandichotsa pa mapilitsi n'kundiika pa jakisoni wa heparin, iyeyo safika kwa mwana. Anawonjezera aspirin wamng'ono wa 75 mg tsiku lililonse. Ndinadzibaya ndekha pamimba miyezi yonse mpaka masabata 6 nditachira. Umatsina khungu chapatali ndi mchombo, lero kumanja mawa kumanzere, ndipo ukabaya usatikite. Ine poyamba ndinkatikita, mimba yonse inachita mabala akuda ngati nthochi yakupsetsa. Masabata awiri oyamba ndinkalira ndisanabaye, pambuyo pake ndinkabaya kwinaku ndikuvundula phala. BP ankandiyeza pafupipafupi chifukwa ife a APS imakonda kutikwera mimba ikakula, ndiponso ankajambula kuona ngati mwana akukula bwino. Poyamwitsa ndinabwerera pa warfarin, kuyamwitsa saletsa.

Zakulera, ngati mukumwa mapilitsi okhala ndi estrogen mufunse msanga, amenewo ndi mbulu ndi pachibale. Ine anandiika lupu. Chinanso, wina akadzakuuzani kuti pali mankhwala atsopano osafuna INR monga rivaroxaban, musathamangire. Kwa ife amene zonse zitatu zili ndi pulasi madokotala amawakana, satiteteza ngati warfarin. Ndinakhumudwa nditamva chifukwa kubayidwa chala mwezi ndi mwezi kumatopetsa, koma ndinazolowera.

Lachitatu mutenge bambowo. Inu mukakawafotokozera nokha ati mwapeka. Amve pakamwa pa dokotala. Za apongozi sindinena, kwathu akulu sitiwayankha, koma pepala la TPHA likatuluka bwino ine ndikanalijambula n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la banja popanda kulemba mawu alionse.

Wa mu Labu:

Asisi a ku Leeds andiseketsa, koma mayi musatumize kanthu pepala lisanatuluke. Ndipo likatuluka ndi pulasi musadzione ngati mwagwidwa bodza. Chindoko chimatha kukhala phee m'thupi zaka zambiri, munthu osamva kalikonse, ndipo TPHA sinena kuti chinalowa liti kapena chinachokera kwa ndani. Sichingafufutenso nkhani ya anticardiolipin, imeneyo muyezetsabe.

Tsiku loyezetsanso muwerenge kuyambira tsiku limene anatenga magazi, osati limene anakuuzani zotsatira. Kupitirira masabata 12 palibe vuto, kuperewera ndiye kumawononga. Pemphani kuti ayeze pa labu yomweyo, chifukwa manambala a makampani osiyana safanana ndendende, ndipo afunseni ngati ayezanso anti-beta-2. Akamatenga m'kachubu ka buluu muyang'ane kuti kadzaze mpaka pa mzere. Mkati muli mankhwala oyezeratu, gawo limodzi pa magawo 9 a magazi, ndiye kakaperewera ife timakabweza, inu n'kubayidwa kawiri.

Mayi wa ku Chilomoni:

Ndapitako lero. Dokotala analitembenuza khadi lija kawiri, anafunsa chifukwa chimene sindinanenere poyamba, ine kusowa choyankha. Walemba TPHA, atenga magazi, zotsatira akuti Lachisanu la sabata ya mawa. INR yanga ili pa 2.4, mwendo waphwa, nsapato yayamba kulowa. Tsiku la masabata 12 ndalilemba pa kalendala ya kukhitchini.

Bambo anabwera. Anakana kulowa m'chipinda, anakhala pa benchi panja atagwira chikwama changa. Dokotala anatuluka yekha n'kukalankhula nawo mphindi zingapo, sindinamve zimene anakambirana. M'takisi pobwerera sanayankhule mpaka titatsika, ndiye anangofunsa kuti Lachisanu lakelo tidzapite nthawi yanji.